Mawu Amene Ndinawabera a Nampinga

Ndikakumbukira a Nampinga, mphuno zanga zimayamba kumva fungo la palafini wosakanikirana ndi penti, fungo limene linkadutsa mpanda wa udzu wolekanitsa nyumba yawo ndi yathu pa Chiringa ku Phalombe n'kukakamira mpaka m'zovala zimene amayi ankayanika pachingwe. M'mawa, njinga za ogula matemba zikamadutsa kulowera ku Chilwa, mabelu akulira, fumbi likukwera, iwo ankakhala atatulutsa kale mabolodi awo n'kuwatsamiritsa kumtengo wa mango, atakhala pachitini chakale, akutsuka maburashi m'kabotolo kodula pakamwa. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya Chilomwe imene ine sindinkaimva, ndipo akafika pamene nyimboyo imakwera ankatsokomola n'kuyambiranso poyambirira.

Ife tinali alendo kumeneko. Bambo anga anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo boma linawatumiza ku Chiringa zaka zija zipani zambiri zitangoyamba kumene, makoma a magolosale atadzaza mitundu ya zipanizo. Ankaphunzitsa Chichewa, choncho m'nyumba mwathu mawu okhota sankagonamo. Ukangolakwitsa, bambo ankakweza chala n'kukuuza kuti ubwereze. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo pa Chichewa panalibe wondiposa m'kalasi. Anzanga ambiri ankalankhula Chilomwe m'njira yonse, koma akafika pasukulu ankachisiya panja monga mmene munthu amasiyira khasu pakhomo la tchalitchi. Wina chikamupulumuka m'kalasi tinkamuseka, ndipo woyamba kuseka nthawi zambiri ndinali ine.

A Nampinga anabadwira ku Nkhulambe, makolo awo atachokera ku Mozambique. Anapita ku Blantyre ali mnyamata ndipo anakhalako zaka zambirimbiri akulemba zikwangwani za masitolo, mabasi ndi malo ometera. Akazi awo atamwalira, maso nawo atayamba kuchita ng'ala, anabwerera kudzakhala pafupi ndi mlongo wawo. Anthu ankayembekezera kuti munthu wokhalitsa choncho m'tauni abwera ndi wailesi yaikulu ndi mipando ya khushoni. Iwo anatsika pa lole ndi mtolo wa mabolodi womangidwa ndi mphira.

Zimene ankajambula pa mabolodiwo n'zimene zinkasokoneza anthu. Sankajambula ng'ombe, kapena amayi osenza mitsuko, kapena nkhope za atsogoleri ngakhale anyamata a zipani ankabwera kudzawanyengerera. Ankajambula tauni, koma tauni yake inali ina. Panali kakowa woyera mbee ataima mumtsinje wa Mudi, madzi akuda bii, majumbo atakola m'miyendo mwake, ndipo majumbowo sanali ojambula, anali enieni, omata ndi ulimbo. Panali maungu atayanga pachigalimoto chakufa ku Ndirande, duwa lachikasu litatulukira pamene pankakhala galasi. Panali akhwangwala pa waya wamagetsi, pansi pawo atamatapo matikiti akale a basi ndi zitsekerero za mabotolo. Anthu odutsa ankaima, kuyang'ana, kenako n'kupukusa mitu. Ena ankati tauni inawadya mutu mkuluyo, wayamba kutola zinyalala.

Tsiku lina amayi anawafunsa kudzera pampanda, akusenda nandolo m'lichero.

“Koma agogo, phiri la Michesi lokongola chonchi lili apa, bwanji osajambulako limenelo?”

“Phirilo aliyense akuliona, mayi,” anayankha osatembenuka. “Ine ndimajambula zimene anthu amadutsa osaziona.”

Pansi pa chithunzi chilichonse ankasiya kampata kakuda kolembapo ndakatulo. Ndakatulozo anali nazo m'mutu, koma maso awo sankathanso kuona zilembo zing'onozing'ono. Munthu amene analemba zikwangwani za theka la Limbe tsopano ankalephera kulemba mizere isanu ndi umodzi pabolodi lake lomwe. Ndiye madzulo ena anavala jekete, anazungulira mpanda n'kudzaodira pakhomo pathu ngati mlendo wochokera kutali.

“Aphunzitsi, ndamva kuti mwana wanu Esinati ali ndi dzanja labwino. Ndimati mundibwereke dzanjalo Loweruka lililonse.”

Bambo anavomera. Anati zindithandiza kuwongola malembedwe.

Choncho Loweruka masana, ndikatha kuchapa ndi kutunga madzi kumjigo, ndinkakhala pamkeka pansi pa mango uja, bolodi lili pamiyendo, burashi yaying'ono ya ubweya wa mchira wa mbuzi ili m'manja. A Nampinga ankatseka maso n'kumanena mzere umodziumodzi, pang'onopang'ono, mawu awo akukwera ndi kutsika mwa Chilomwe ngakhale ankalankhula Chichewa. Dzina langa sankalitchula lonse, ankangoti Sinati. Anandiphunzitsa kugwira mpweya polemba chilembo chozungulira, ndiponso kuti penti yoyera imafuna kuleza mtima chifukwa ikadontha pakuda siibisika. Akatopa ankandifotokozera za tauni imene ndinali ndisanaionepo: za mileme imene imatuluka m'mitengo ya pafupi ndi chipatala dzuwa likamalowa, za bowa amene anamupeza atamera kuseri kwa banki, anthu a masuti akumulambalala.

Chithunzi chimene ankachikonda koposa chinali cha mtengo wa kachere womera pakhoma la njerwa kuseri kwa depoti ya mabasi ku Limbe, mizu yake itagwira khomalo ngati zala. Ndakatulo yake ananena motere:

Epula yagwa mu Limbe,
yatsuka mapazi a onyamula katundu,
yalowa mumng'alu wa khoma
kukamwetsa kachere wopanda mwini.
Nafenso tinamera chomwecho,
pamene sanatidzale.

Ndinaimitsa burashi. “Agogo, epula n'chiyani?”

“Ndi mvula m'chilankhulo cha amayi anga. Lemba momwemo.”

Ndinayang'ana kampata kakuda kaja. Ndinaganiza za bambo ndi chala chawo, ndinaganiza za anzanga a m'kalasi atadziwa kuti Esinati, katswiri wa Chichewa, walemba Chilomwe ndi dzanja lake. Ndinadziuzanso kuti ndikuwathandiza agogowo, kuti anthu ophunzira asadzawaseke. Ndinaviika burashi n'kulemba kuti mvula.

“Walemba?”

“Ndalemba, agogo.”

Anayandikitsa bolodi kumaso kwawo, anaona mizere yoyera yowongoka bwino, n'kugwedeza mutu mokondwa. Poti tsiku loyamba zinatheka, masiku enawo sizinavutenso. M'ndakatulo iliyonse ankaponyamo liwu limodzi kapena awiri a Chilomwe, ndipo ine ndinkafunsa tanthauzo lake mwaulemu kwambiri, kenako n'kulemba Chichewa chake. Pamene ankati mwiri ndinkalemba mtengo. Iwo ankasangalala poganiza kuti mwana wa aphunzitsi akufuna kuphunzira chilankhulo chawo, mpaka ankandipatsa mtedza wokazinga.

Chakumapeto kwa chaka, tili patchuthi, kunabwera kalata yochokera kwa mnzawo wakale wolemba zikwangwani. Inkanena kuti ku Blantyre kwatsegulidwa nyumba yoonetsera zojambulajambula, ndipo akufuna ntchito za anthu a m'maboma. A Nampinga anamvetsera ndikuwawerengera kalatayo kawiri, kenako anapita kukametetsa. Popeza sakanatha kuwerenga zikwangwani za m'misewu, anapemphanso bambo kuti ndiwaperekeze, ndikagone kwa azakhali anga ku Bangwe. Bambo anazengereza masiku awiri, koma amayi anati mwana akaoneko tauni.

Tinanyamuka mbandakucha pa matola, titakhala pamwamba pa matumba a nandolo, mabolodi asanu ndi atatu atakulungidwa m'zitenje za mlongo wawo. Msewu unali wafumbi ndi mabampu, ndipo njira yonse agogo anakumbatira mtolowo ngati mwana wodwala. Titafika ku Limbe ndinasokonezeka ndi phokoso, koma iwo anasanduka munthu wina. Ankayenda mothamanga, akundiuza pokhotera asanafikepo, ngati mapazi awo ndiwo anali ndi maso.

Nyumba yoonetsera zithunzi ija inali yoyera mkati, yozizira, pansi pake poterera moti ndinkaopa kupondapo ndi nsapato zanga zafumbi. Anatilandira bambo wina wachinyamata wovala magalasi, waulemu ndithu. Anatipatsa mipando ndi madzi akumwa. Kenako anamasula zitenje, n'kuyang'ana bolodi lililonse mosafulumira. Pa kakowa uja anakhalitsa, mpaka anakhudza jumbo ndi chala.

“Madala, dzanja muli nalo,” anatero. “Koma mwati mwachokera ku Phalombe? Ife timayembekezera za kumudzi. Phiri, asodzi a ku Chilwa, magule. Alendo athu akabwera amafuna Malawi weniweni. Izi za majumbo ndi zigalimoto zakufa amaziona okha akamabwera kuno.”

“Amaziona?” anafunsa agogo.

Bamboyo anaseka pang'ono mwamanyazi. “Mukajambula phiri mudzabwere nalo. Tidzalipachika pabwino.”

A Nampinga sanatsutse. Anathokoza chifukwa cha madzi, ndipo tinakulunganso mabolodi athu. Panja ndinkalephera kuwayang'ana kumaso. Ndinkayembekezera kuti adandaula kapena kutukwana, koma anangoti, “Tiye ku Limbe, ndikakuonetse mnzanga.”

Mnzawoyo anali kachere uja. Analipodi, kuseri kwa depoti, pamwamba pa khoma lakuda ndi utsi, wamkulu kuposa wa pachithunzi. Pansi pake panali amayi ogulitsa nthochi ndi chinangwa chophika, anyamata a mawilibala, ndi bambo wina wosoka nsapato. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana m'mwamba. Agogo anapapasa khomalo mpaka anagwira muzu umene unatsikira pansi, n'kuusisita. Kenako anamasula mtolo n'kuyamba kundandalika mabolodi m'mbali mwa khoma, pafumbi pomwepo.

“Agogo, anthu atiseka,” ndinanong'ona.

“Aseke. Zabwera kudzaonedwa, zionedwe.”

Anthu anayamba kuunjikana. Mnyamata wina wa wilibala analoza chithunzi cha maungu n'kukuwa kuti galimotoyo akuidziwa, ili kuseri kwa nyumba ya amalume ake. Ena anatsutsa, n'kuyamba kukangana za malo ake enieni. Mayi wina wogulitsa nthochi, wonenepa, wa mpango wofiira, anayang'ana chithunzi cha kachere, n'kutembenuka kuyang'ana khoma, n'kubwereranso pachithunzi.

“Ii! Si mtengo uwu? Zaka zonsezi ndimakhala pamthunzi pake osadziwa kuti ulibe dothi!” Anawerama n'kuloza zilembo zoyera zija. “Nanga apa palembedwa chiyani? Ine sukulu ndinangoidutsa panja.”

“Sinati, awerengere mayiwa,” anatero agogo.

Ndikawerenga zimene zinalembedwa, agogo amva kuti ndinasintha. Ndinaganiza msanga, ndipo ndinaona kuti njira yopulumukira ndi kunena mmene iwo ananenera, poti ndakatuloyo ndinkaidziwa pamtima. Ndinakweza mawu, ndikuyang'ana pabolodi ngati ndikuwerengadi.

“Epula yagwa mu Limbe…”

Mayi uja anawomba m'manja kamodzi n'kugwira pakamwa. Kenako anatembenukira kwa agogo n'kuyamba kuwalankhula Chilomwe chothamanga, iwo n'kumayankha, onse awiri akuseka. Mayi wina wa chinangwa anasiya beseni lake n'kulowerera. Mnyamata wa wilibala uja nayenso, amene mphindi yapitayo ankalankhula Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi, anaponyapo mawu ake, anzake n'kumamuyang'ana modabwa. Ine ndinamaliza mizere yotsalayo ndikuganiza kuti ndapulumuka.

Koma wosoka nsapato uja anali atasendera pafupi, magalasi ake omanga ndi ulusi ali pamphuno.

“Mwanayu akuwerenga zake zam'mutu,” anatero mosafuna kuipitsa, akungokonza cholakwika. “Apa palibe epula. Palembedwa kuti mvula. Onani: m, v, u.”

Agogo anasiya kuseka. Anatenga bolodi lija n'kuliyandikitsa kumaso mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza penti. Sakanatha kuwerenga, koma anayendetsa chala pa liwu loyambalo, akumva mmene penti inatumphukira. Munthu amene walemba zilembo moyo wake wonse amazidziwa ndi khungu lomwe. Analibweza pansi mosamala.

“Ndi zoona, bambo,” anauza wosoka nsapatoyo. “Mwawerenga bwino.”

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kucheza ndi anthu aja, kuwafotokozera za kakowa ndi akhwangwala, ndipo dzuwa litapendeka anamanga mabolodi n'kundiperekeza kwa azakhali ku Bangwe, iwo n'kupita kukagona kwa mnzawo wolemba zikwangwani uja. Njira yonse sanatchule kanthu. Ndikanakonda akanandikalipira pamaso pa anthu onse aja.

M'mawa mwake tinakumana podikirira matola obwerera. Tinakhala pamwala, mtolo uli pakati pathu. Patapita nthawi ndithu anafunsa, maso ali kutsogolo.

“Ndi bolodi limodzi lokha?”

“Onse, agogo.”

“Onse.” Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Aphunzitsi ndiwo anakutuma?”

“Ayi. Ndekha.” Misozi inali itayamba kale. “Ndimaopa kuti anthu akusekani.”

“Akanaseka ine kapena iwe?”

Anatulutsa kansalu kothimbirira ndi penti n'kundipatsa kuti ndipukute nkhope.

“Sinati, ine ndinafika m'tauni muno ndili wamkulu pang'ono kuposa iwe. Tsiku loyamba ndinalankhula m'basi, anthu anaseka mpaka kondakitala. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Ndalemba mawu a anthu ena pamakoma zaka zonsezi, a Chingerezi, a Chichewa, ena osawamva n'komwe, ndipo sindinasinthepo chilembo cha munthu ngakhale chimodzi. Wina akafuna dzina la mwana wake pagolosale, ndinkalemba mmene wanenera. Tsono nditakalamba ndinati ndilembeko anga. Mvula imagwera aliyense. Epula ndi imene inkandipeza ine pakhonde la sitolo ya mwini, ndikukumbukira amayi anga. Si chinthu chimodzi.”

“Ndikafufuta, agogo. Ndikapaka yakuda n'kulembanso bwinobwino, sipadzaoneka.”

“Ayi, usakafufute.”

Ndinawayang'ana osamvetsa.

“Ukangodula kamzere pa liwu lakolo, langa ukalembe pamwamba pake. Onse awiri azioneka. Zinachitika, ndiye bolodi lizinena kuti zinachitika.”

Ndinachitadi zimenezo Loweruka lotsatira ndi linzake. Inali ntchito yowawa kuposa kukwapulidwa, chifukwa pa liwu lililonse ndinkayenera kuwauza ndekha chimene ndinalemba m'malo mwake, iwo n'kunditchulira lawo, ine n'kulibwereza mpaka lilime litakhoza. Mawu onse anakwana khumi ndi atatu. Bambo anabwera kudzaona tsiku lachiwirilo, nditawaululira zonse. Anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo, akuwerenga mizere yodulidwayo. Ndinkadikira chala chija. M'malo mwake anafunsa a Nampinga katchulidwe ka liwu lina, n'kuliyesa, n'kulakwitsa, ndipo agogo anawauza kuti abwereze.

Mwezi wotsatira a Nampinga anatumiza chithunzi cha kachere kwa mayi wa nthochi uja kudzera kwa dalaivala wa matola. Dalaivalayo anadzatiuza kuti mayiyo anachipachika pamsomali pakhoma lomwe lija, ndipo madzulo ankaweruka nacho. Phiri sanajambule, ndipo ku nyumba yoyera ija sanabwerereko.

Chaka chotsatira bambo anawasamutsira ku Balaka. Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika kwa a Nampinga, ndipo ndinawapeza akumata nthenga ya nkhunda pabolodi latsopano, kampata kakuda kali pansi, kopanda wolembapo. Ndinafuna kunena kuti pepani, chifukwa m'masiku onse aja liwu limenelo ndinali ndisanalitchule. Koma lole yotisamutsa inaliza hutala, ndipo ndinangoti tsalani bwino. Anamwalira ndili Fomu 3. Nditabwerera ku Chiringa patapita zaka, mlongo wawo anandionetsa zimene zinatsala: bolodi lina linali chitseko cha khola la nkhuku, ena anadyedwa ndi chiswe.

Lero ndimakhala ku Blantyre, ndipo ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale. Ana amene ndimaphunzitsa ndi a m'tauni, ochokera m'nyumba za zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo ndikawapatsa ntchito yolemba ndakatulo amandibweretsera za ngalande zosefukira, za mbalame zomanga zisa m'zikwangwani, za mapapaya omera padzala. Cholembera chofiira ndili nacho, ndipo ndimachigwiritsa ntchito, poti mayeso sasekerera munthu. Koma sabata yatha mtsikana wina wachete, amene amakhala kumbuyo kwenikweni, analemba ndakatulo ya mtsinje wa kwawo ku Chilomoni, ndipo pakati pake panali liwu limene sindinalionepo m'buku lililonse. Dzanja langa linali litatsika kale. Ndinaliimitsa, n'kumuitana pa nthawi yopuma.

“Liwu ili ndi la ndani?” ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi, akupotokola m'mphepete mwa yunifolomu. “Ndi la amayi anga, madamu. Ndichotse?”

Ndinamukokera mpando. “Khala apa. Unditchulire kaye, pang'onopang'ono, mpaka ndikhoze.”